Dishi Yopanda Dikoda

"Tsikani pamenepo musanathyoke mwendo, bambo a Sungeni. Ine sindikusenzani kupita nanu kuchipatala."

Martha ankalankhula maso ali m'beseni. Madzi anali atabwera m'mawa, ndipo ku Chinyonga madzi akabwera munthu safunsa kuti akhala mpaka liti, amangotulutsa zochapa zonse. Pa denga la nyumba yawo ya lendi, mwamuna wake Ellard anali atagwada pa malata, akumangirira dishi yakale ku chitsulo ndi mawaya.

"Mayi a Sungeni, tandiponyerani pulayala iyo."

"Manja anga ali ndi thovu. Dishi imeneyi mwaitola kuti?"

"Sindinatole. Andipatsa ku ofesi, amafuna kuitaya."

"Ndiye zotayidwa m'tauni zikwere pa denga pathu? Dikoda ili kuti?"

"Tsitsani mawu, inu."

"Ndafunsa dikoda."

"Ibwera. Munthu amayamba wamanga khola, mbuzi n'kugula pambuyo."

"Khola limakhala kuseri kwa nyumba, osati pa denga kuti Chinyonga yense aziliona."

Kanema wawo anafa ali moyo. Sabata yathayo kaulutsidwe kakale kanazimitsidwa, monga ankalengezera pa wailesi miyezi yonse ija anthu n'kumati n'zongoopseza. Tsopano amene analibe dikoda, kabokosi kolandirira kaulutsidwe katsopano, ankangoona mchenga ukuwira pa galasi, phokoso lake ngati mvula pa malata. Ellard, mesenjala wa ofesi ina m'tauni, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka, anati dikoda idikire mwezi uthe. Koma mwezi womwewo unkadikiridwanso ndi lendi, fizi ndi makala. Kusaonera kanema akanapirira. Chimene sakanapirira n'chakuti anthu adziwe. Pa mdadada wonsewo nyumba yawo ndiyo inali ndi kanema wamkulu, ndipo madzulo aliwonse ana a anzawo ankadzaza pa simenti kudzaonera. Masiku oyambirirawo kuzimazima kwa magetsi kunawabisa. Koma magetsi sabisa munthu mpaka kalekale.

"Chikomekome cha nkuyu," anatero Martha akufinya siketi, "m'kati muli nyerere."

Asanayanike siketiyo anamva mapazi akuthamanga. Anali Sungeni, mwana wawo yekhayo, mtsikana wa Fomu Wanu, akuchokera kokonzekera kwaya.

"Amayi! Amayi! Tituluka pa kanema!"

"Puma kaye. Ukutuluka pati?"

"Kutchalitchi kunabwera anthu ndi makamera, ajambula kwaya yathu ya achinyamata. Ndipo nyimbo yoyamba ndayambitsa ndine, ndekha! Ati ationetsa Loweruka linalo, osati likubwerali, madzulo."

Martha anaimirira, mtima utadumpha. Anafuna kuimba nthungululu, koma mwanayo anali asanamalize.

"Ndiye mayi Ireen ati amayi onse a Mvano a kuno adzaonera kwathu. Ati podutsa m'mawa aona adadi akukweza dishi."

Mayi Ireen anali apampando a Mvano, ndipo iwo akanena kuti tidzabwera, sikunali kupempha.

Sungeni anayang'ana pa denga. "Dikoda mukhala mutagula, eti adadi?"

"Ibwera," anatero Ellard, koma mawu ake anatsika pa denga mopanda mphamvu.

Siketi ija inagwera m'beseni. "Walira mvula walira matope," anatero Martha. "Tsikani mudzamve."

Madzulo a tsiku lomwelo magetsi anayaka, ngati ochita kutumidwa. Dishi inali kung'anima pa denga, ndipo ana anaiona. Anabwera onse, ena amene sanabwereko n'kale lomwe, n'kuvula masilipasi pakhomo monga mwa lamulo la nyumbayo. Martha anaima pachitseko, manja m'chiuno.

"Lero kulibe kanema."

"Magetsitu alipo, anti."

"Ndati kulibe."

"Koma dishi yatsopano ija akuti imaonetsa makatuni tsiku lonse!"

Maso onsewo anali pa iye. Akanatha kunena kuti dikoda sinabwere. Mawu awiri okha, ana n'kubwerera kwawo. Koma mawu awiriwo akanafika pampopi dzuwa lisanalowe, ndipo Lamulungu akanafika kutchalitchi iye asanafike. Bodza linabwera lokha pakamwa, lophikaphika, ngati linkangodikira.

"Rimoti yasowa. Dikoda siyaka popanda rimoti. Mmodzi wa inu wainyamula, ndipo mpaka ibwere, phazi la mwana lisaponde m'nyumba muno."

Ana anayang'anana. Martha ankaganiza kuti angong'ung'udza n'kubalalika. Koma mlandu ukagwa pakati pa ana sugona pansi, amaufunira mwini. Patience, mdzukulu wa mayi Ireen, anakweza chala ngati ali m'kalasi.

"Tsiku lomaliza inali ndi Rania! Ndiye amakonda kuigwira."

Zinali zoona. Rania, mwana wa Afisa wa nyumba yogundana ndi yawo, ndiye ankagwira rimoti, chifukwa Martha yemweyo ankamupatsa. Mwanayo anali wa manja osamala. Asanaibweze ankayamba waipukuta ndi nsonga ya mpango wake wa kumutu.

"Anti, ndinakupatsani m'manja," anatero Rania. Sanalire, sanakweze mawu. Ankangoyang'ana Martha, kudikira kuti munthu wamkulu akumbuke.

Martha ankakumbuka. Ankakumbuka ngakhale kufunda kwa rimotiyo pochoka m'manja mwa mwanayo.

"Ine sindinatchule munthu," anatero, n'kutseka chitseko.

Rimoti inali pamwamba pa kanema, pansi pa kansalu koluka. Anaitenga, n'kukaikankhira pansi pa nyemba m'chitini cha kukhitchini.

Ellard atamva nkhaniyo anaseka mpaka kumasula tayi.

"Nzeru zimenezo! Mwaona? Loweruka lija tili ndi ponamizira. Tidzangoti pepani amayi, akuba anatilowerera."

"Musandiyamikire."

"Inu simunatchule munthu."

"Ndati musandiyamikire. Idyani mugone."

Sipanapite masiku, mwanayo anali ndi dzina latsopano. Akamapita ku madrasa, ana ankamutsatira m'mbuyo akuloza ndi zala ngati akusintha siteshoni. "Rimoti! Rimoti! Tayika makatuni!" Pampopi wa pakati pa nyumbazo, amayi ankati akamuona akubwera ndi ndowa, n'kukokera sopo wawo pafupi ndi mapazi. Palibe ankamunena. Ankangokoka sopo. Wa golosale anayamba kumuimitsa kunja, n'kumupatsira shuga pawindo.

Khoma la pakati pa nyumba ya Martha ndi ya Afisa linali la njerwa imodzi. Tsiku lina madzulo Twaha, bambo ake a Rania, anafika ataimika minibasi yake ku Limbe, nkhani itamupeza kale kusiteji. Martha anali kusenda anyezi. Anamva mawu a bamboyo, kenako lamba.

"Ili kuti? Ndikufunsa, ili kuti?"

"Sindinatenge, ababa! Wallahi sindinatenge!"

"Ukulumbiranso? Dzina langa lizitchulidwa ndi makondakitala chifukwa cha iwe?"

Martha anagwira mpeni osausuntha. Chitseko cha Afisa chinali masitepe ochepa kuchokera pa chake. Anaimirira, anafika pakhomo, dzanja linagwira chogwirira. Kenako anaona nkhope ya mayi Ireen m'maganizo, ndi amayi a Mvano ovala zoyera akutembenuka pa benchi kumuyang'ana. Anabwerera n'kukhala pansi. Misozi inatsika, ndipo anadziuza kuti ndi anyezi.

M'mawa mwake anaiwala, n'kutuma Sungeni kuti asankhe nyemba. Anakumbuka mwanayo ataima kale pakhomo la khitchini, rimoti ili m'manja, fumbi la nyemba lili pa mabatani.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Bweza pomwe waitenga."

"Dzulo Rania wamenyedwa."

"Ndili ndi makutu."

"Ndiye mungokhala?"

"Iwe, ndinakubala ndine kapena unandibala ndiwe? Ukufuna Chinyonga yense adziwe kuti bambo ako anakweza chitsulo chopanda ntchito pa denga? Ukufuna kutchalitchi azikuloza kuti uyo woimba uja kwawo n'kwa onama?"

"Nanga si ndife onama?"

Dzanja la Martha linanyamuka, koma linaima m'malere. M'nyumba ziwirizo mwana mmodzi anali atamenyedwa kale chifukwa cha chilungamo.

"Loweruka lija likadutsa ndikonza," anatero. "Ndidzati ndaipeza kuseri kwa mpando. Bweza."

Sungeni anaibweza. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuimba m'nyumba. Mwana amene ankaimba posesa, potsuka mbale, ngakhale m'bafa, ankangogwira ntchito zake chete, ndipo chete wakeyo ankamveka kuposa nyimbo.

Lachitatu la sabata ya kwaya, Martha akukolopa pakhonde, anamva "Odi." Anali Afisa, atangochoka ku msika wa Limbe kumene ankagulitsa kaunjika. Akazi awiriwa anakhala moyandikana zaka zambiri. Pa Eid mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi inkadutsa pakhondepo, pa Khirisimasi n'kubwerera ndi nkhuku yoti wazinga Twaha, kuti onse adye. Koma chiyambire nkhani ya rimoti ankangopatsana moni wa pamlomo.

"Lowani, amake Rania."

"Ayi, pompano pali bwino. Mapazi athu asaponde m'nyumba."

Martha anaika chokolopera pansi. Afisa anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kaphukusi ka pulasitiki. M'kati munali rimoti yatsopano, mabatire ali pambali.

"Ndagula ku Limbe. Wogulitsa wati iyi imagwira dikoda ya mtundu uliwonse."

"Amake Rania, sizinafunike..."

"Zafunika. Mwana wanga akuti sanatenge. Bambo ake am'menya, akuti sanatenge. Ine ndam'nyengerera, ndasecha m'chikwama, ndatembenuza matiresi, akuti sanatenge. Ine ndikumukhulupirira, ndi wanga. Koma ine ndekha kumukhulupirira sikumuthandiza kudutsa pamsewu. Dzulo wakana kupita kusukulu. Akuti aphunzitsi atataya choko, kalasi yonse inatembenukira kwa iye."

"Ana ndi ana, aiwala."

"Ana amaiwala, akulu ndiye saiwala. Landirani. Ndamva kuti Sungeni aimba pa kanema Loweruka. Mwana ameneyo ndinamubereka kumbuyo kuno inu muli ku chipatala. Sindifuna anthu adzati amayi ake sanamuone chifukwa cha mwana wa Afisa."

Martha anatambasula manja onse awiri, monga munthu amalandirira mphatso, chifukwa panalibe njira ina yolandirira. Kaphukusiko kanali kopepuka, koma manja anatsika nako.

"Tayesani pompano," anatero Afisa. "Ikakana ndikasinthitse mawa."

"Bambo a Sungeni ndi amene amadziwa zoyatsa."

Afisa anamuyang'ana kanthawi. "Chabwino," anatero, n'kumanganso chitenje chake n'kumapita.

Ellard atafika anapeza rimoti yatsopano pa tebulo, mkazi wake atakhala moyang'anizana nayo ngati ndi njoka.

"Ponamizira panu paja ndi apa," anatero Martha. "Agula amake Rania."

"Aa! Nanga munalandiriranji?"

"Ndikanati chiyani? Kuti pepani, bokosi loti muziloza nayo kulibe?"

"Ndiye mwationongera mapulani."

"Mapulani! Mwana wa eni wasiya sukulu, inu mukuti mapulani? Mawa mukwere mukatsitse chitsulo chanucho, ine ndikauze mayi Ireen kuti akaonere kwina."

"Ine Ellard kutsitsa dishi anthu akuona? Mukudziwa mmene amandilonjerera masiku ano pamsewu? Ngakhale a landilodi dzana anandivulira chipewa."

"Chipewa chimenecho tidzaonera kwaya?"

"Mtima pansi. Mnzanga wa ku Kanjedza ali ndi dikoda. Loweruka m'mawa ndikabwereka, madzulo tibweza. Palibe adzadziwe."

"Nanga Rania?"

"Rimoti yagulidwa, nkhani yatha. Zinazo n'zachibwana."

Martha anamuyang'ana mwamunayo, tayi yake, kolala yoyera imene iye yemwe ankaikwecha ndi manja. Anafuna kumunena kuti alibe manyazi. Koma amene anatseka chitseko pamaso pa mwana uja sanali Ellard.

Loweruka Ellard ananyamuka m'mawa atapesa bwino. Dzuwa litafika pamutu anali asanabwere. Martha anaimba foni, inangolira. Anaimbanso, inali yozimitsa. Sanadabwe kwenikweni. Anakhala naye zaka zokwanira kudziwa kuti mwamunayo pa ukwati amakhala kutsogolo, pa maliro amafika mwambo utatha.

Chinatsala n'chimodzi: magetsi. Martha, mayi wa Mvano, amene moyo wake wonse ankadandaula za kuzima kwa magetsi, tsiku limenelo anapempherera mdima. Babu la pabalaza analisiya loyaka masanasana, n'kumaliyang'ana akamadutsa. Linkangowala, osaphethira n'komwe.

Amayi anayamba kufika dzuwa litapendeka. Ena ndi mikeka, ena ndi zitumbuwa m'mbale, wina ndi fulasiki ya tiyi. Anadzaza mipando, anadzaza pansi, ana awo n'kuunjikana pawindo. Amayiwo anamukhazika Sungeni pakati, akumusisita m'mutu, iye maso ali pansi. Mayi Ireen anafika pomalizira, ndipo mpando wa Ellard unawadikira.

"Abambo ali kuti pa tsiku lalikulu chonchi?"

"Atuluka pang'ono."

"Amuna! Koma mwachita bwino, amake Sungeni. Enafe makanema athu asanduka matebulo oikapo maluwa. Inu nokha ndi amene munamva za boma n'kukonzeka. Ndamvanso kuti rimoti anabweza?"

"Anagula ina."

"Ehe! Wosalakwa amagula? Kugulako ndiye kuvomera." Amayi ena anaseka. "Iyi muziisunga m'kamisolo, mayi. Ine Patience ndamuletsa kusewera ndi mwana ameneyo. Lero rimoti, mawa foni, mkuja alowa pawindo. Ndipo ndikaonana nawo a landilodi. Sitingamayanike zovala mwamantha ngati tili pa siteji ya basi. Anthu otere aziona kwina kokhala."

"Zoona," anatero mayi wina. "Mbala imaonekera ikadali yaing'ono."

Sungeni anadzutsa mutu n'kuyang'ana amayi ake. Anangoyang'ana monga anayang'anira Rania tsiku lija pakhomo, kudikira kuti munthu wamkulu akumbuke.

"Nthawi yakwana, yatsani," anatero mayi Ireen.

Martha anapita pa kanema n'kudina batani ndi chala. Mchenga unawira pa galasi, phokoso linadzaza nyumba.

"Dinani rimotiyo! Lozani ku dikoda!"

Akanatha kunena kuti mphepo yasuntha dishi. Bodzalo linafikanso pakamwa lophikaphika, ngati loyamba lija. Analimeza. Anawerama kuseri kwa kabati n'kukoka waya wochokera pa denga, wolowera pawindo. Anakoka, anakoka, mpaka nsonga yake inatuluka, yopanda pulagi, yopanda kanthu, yongodulidwa ndi mpeni. Anaiika pa tebulo.

"Dikoda ndi imeneyo."

M'nyumba munangotsala phokoso la mchenga. Martha anapita kukhitchini, n'kubwera ndi chitini. Anachikhuthula pa tebulo pomwepo. Nyemba zinamwazika, zina kugwera m'mbale ya zitumbuwa, zina kugubuduzika pa simenti mpaka kumapazi a mayi Ireen. Pamwamba pa mulu panagona rimoti yakale.

"M'nyumba muno mulibe dikoda, ndipo simunakhalepo dikoda. Kanema uyu anazima tsiku limodzi ndi anu. Rimoti sinabedwe. Rania anandipatsa m'manja, ine ndinaibisa kuti ana asadziwe. A landilodi mukawaona, mukawauze za ine."

Mawu ake anatuluka owuma, ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. Makutu ankamutentha. Anafuna kuyang'ana pansi, koma pansi panali nyemba, ndipo pawindo panali maso a ana.

Mayi Ireen anayang'ana mulu wa nyemba uja. Anachotsa nyemba imodzi pa chitenje chawo.

"Ndiye mwatisonkhanitsa kudzaonera nyemba?"

Palibe anaseka.

"Mayi wa Mvano! Mwana wa eni kumenyedwa, ife kuchimwa naye pakamwa, chonsecho..."

"Pakamwa panu ndi panu, mayi," anatero Martha. "Ine ndanena zanga."

Kunja mwana wina anakuwa kuti ku babashopu ya Eliot kumsewu kuli dikoda, ndipo kwaya yoyamba yayamba kale. Nyumba inakhuthuka ngati kwagwa moto. Mikeka inapindidwa mothamanga, fulasiki inanyamulidwa, nyemba zinaphwanyika pansi pa mapazi. Amayi amene moyo wawo wonse sanapondepo mometera amuna anathamangira kumeneko atagwira zitenje. Mayi Ireen anatuluka osatsanzika.

Sungeni anatsala.

"Pita ukadzione," anatero Martha.

"Nanga inu?"

"Ndili ndi kopita. Thamanga."

Mwanayo anaima pang'ono, kenako anazimitsa kanema uja n'kutuluka.

Martha anatenga rimoti yatsopano, ikadali m'pulasitiki yake, n'kuyenda masitepe ochepa aja amene anamukanika tsiku la lamba. Chitseko cha Afisa chinali chotsegula. Mwini wake anakhala pa mkeka akupinda malaya a kaunjika, ndipo Rania anali pakona, nsana ku chitseko.

"Odi, amake Rania."

"Ndamva," anatero Afisa osadzutsa mutu. "Khomali ndi lopyapyala. Mmene ndamvera nyemba zanu ndi mmene inu munamvera lamba wa Twaha."

Martha anagwada pakhomo. Mawondo anagunda simenti.

"Ndalakwa. Ndilibe ponamizira."

"Ndinakayika tsiku lija munakana kuiyesa. Ndinati ayi, Martha sangatero. Munthu amene ndimadya naye mbale imodzi." Anapinda malaya ena, n'kuwasalaza ndi chikhatho. "Mukanandiuza kuti kanema wazima, ndikanaseka nanu. Ifetu tilibe n'komwe woti azime. Umphawi unakhala mlandu liti, amake Sungeni?"

"Landirani rimoti yanu, mwina akakubwezerani."

"Isungeni. Tsiku lina mudzagula bokosi lake. Lamba sabwerera m'chiuno ngati sanamenye."

"Ndichite chiyani?"

"Kwa ine palibe. Bambo ake akabwera mudzanene nokha pamaso pawo, iwonso ali ndi chawo choti amupepese mwanayu. Koma dzina lija simunalisiye m'nyumba muno. Lili pamsewu, lili pampopi, lili kusukulu. Amayi anzanuwo athamangira kwaya, mawa adzakamba za dishi yanu, adzaseka, za Rania adzaiwala kukonza. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kautoleni komwe munausiya."

Martha anayang'ana pakona. "Rania, mwanangu."

Mwanayo sanatembenuke. Mapewa ake okha anakwera pang'ono.

Kunja mpopi unatsokomola, n'kulavula mphepo, kenako madzi. Anali atasowa kuyambira Lachinayi, ndipo anasankha nthawi yomweyo, mdadada wonse uli ku babashopu. Martha anadzuka. Kunyumba kunali nyemba zoti atole, koma nyemba sizithawa. Anatulutsa beseni ndi mulu wa zochapa n'kupita nazo pampopi.

Ali pakati pothira sopo, mphepo inabweretsa mawu kuchokera kumsewu. Eliot anali atakweza kanema wake mpaka kumapeto. Liwu limodzi la mtsikana linayamba lokha, lowongoka, losanjenjemera, kenako kwaya yonse inalilandira, ndipo nthungululu za amayi zinabuka mometera muja. Martha anaima manja ali m'madzi. Kumsewu sikunali kutali. Akanathamanga akanapeza ndime yomaliza, akanaona nkhope ya mwana wake pa galasi.

Chitseko cha Afisa chinalira. Rania anatuluka ndi ndowa, atatumidwa, akuyenda m'mbali mwa khoma. Ana angapo amene anasowa malo pawindo la babashopu anali kubwerera, akukankhana. Mmodzi anamuona n'kutambasula dzanja, chala chikudina m'malere.

"Rimoti! Tayika makatuni!"

"Iwe!" Liwu la Martha linawaimitsa onse. "Bwerani kuno. Nonse."

Anabwera mokoka mapazi.

"Rania sanabe kanthu. Rimoti ndinabisa ndine, m'nyemba, chifukwa kanema wanga ndi wakufa ndipo ndinkachita manyazi. Mwamva? Mukawauze amayi anu, mukamuuze wa golosale. Lolemba ndipita ndekha kusukulu kwanu ndikanene m'kalasi. Dzinalo ndi langa. Amene akufuna kuitana Rimoti, ndili pano, ayambe."

Ana anayang'anana. Palibe anayamba. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo atafika kuseri kwa bafa kuseka kunaphulika, mapazi n'kuthamangira kumsewu ndi nkhani yatsopano. Martha anadziwa kuti pofika mawa dzinalo likhala litamupeza, ndipo kutchalitchi likamudikira pa benchi.

Anakoka beseni lake kulichotsa pansi pa mpopi.

"Tunga, mwanangu. Yamba ndiwe."

Rania anatchera ndowa. Sanamuyang'ane. Anadikira kuti idzaze, anapinda nkhata, anasenza yekha Martha asanatambasule manja kuti amuthandize, n'kubwerera kwawo madzi akudontha pa mpango. Nyimbo ya kumsewu inali itatha.

Martha anabwezera beseni pansi pa mpopi. Pamwamba pa mulu panali shati yoyera ya Ellard. Anaiviika, anapaka sopo pa kolala, n'kuyamba kukwecha. Pa denga dishi inali kuyang'anabe kumwamba. Mpopi unatsokomolanso, madzi anayamba kuchepa, ndipo mulu unali usanafike ndi pakati pomwe.